Msewu wobwereka: liwiro la ku Tokyo ndi ku Hakone

Dziko la Japan lili kutali kum'mawa, kutsidya kwa nyanja zazikulu. M'mwezi wa Januwale, pamene kuno mvula ili mkati ndipo makasu ali m'minda, kumeneko kumakhala chisanu chobaya m'mafupa. M'chisanu chomwecho, pa 2 ndi pa 3 Januwale chaka chilichonse, anyamata a m'mayunivesite amathamanga liwiro lopatsirana kuchokera mumzinda wa Tokyo kukafika ku mapiri a Hakone, n'kubwereranso. Mpikisanowu dzina lake ndi Hakone Ekiden. Ulendo wopita ndi makilomita 107.5, wobwerera ndi makilomita 109.6, wonse pamodzi makilomita 217.1.

Timu iliyonse imathamangitsa anyamata 10, asanu tsiku loyamba, asanu tsiku lachiwiri, ndipo aliyense mtunda wake umapitirira makilomita 20. Iwo sapatsirana kamtengo ayi, koma lamba wansalu wokoleka paphewa, wotchedwa tasuki, wokhala ndi mtundu ndi dzina la sukulu yawo. Msewu umene amathamangamo ndi msewu waukulu wa mabasi, malole ndi anthu opita kokacheza ndi abale pa chaka chatsopano. Okonza mpikisanowu amachita kuubwereka kwa eni ake kwa kanthawi kochepa. Tsono malamulo onse a liwiroli atsamira pa zinthu ziwiri: mnyamata aliyense abwerere kwawo wamoyo, ndipo msewu ubwezedwe pa nthawi imene anapangana.

Mmodzi mwa amene anayambitsa mpikisanowu m'chaka cha 1920 anali Shiso Kanakuri, munthu wodziwa kuti liwiro limapha. Iye anathamanga nawo liwiro la mtunda wautali pa masewera a Olympic ku Stockholm mu 1912, tsiku la dzuwa loswa mtengo, ndipo anakomoka panjira mpaka banja lina linamutola n'kumusamalira. Pa liwiro lomwelo Mpwitikizi Francisco Lázaro anagwa, namwalira m'mawa mwake. Mpikisano woyamba wa ku Hakone unali wa sukulu zinayi zokha. Masiku ano nthawi zambiri matimu amakhala 21, ndipo ntchito yaikulu yoyendetsa zinthu amaigwira ophunzira eni ake kudzera m'bungwe lawo la masewera la chigawo cha Kanto.

Ulendo umayambira ku Otemachi, pakati pa nyumba zitalizitali za Tokyo, pakhomo pa nyuzipepala ya Yomiuri, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Akale adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma apa ntchito imakhala itayamba kusanache. Timu iliyonse imalembetsa anyamata 16, ndipo wina akadzuka ndi malungo kapena mwendo wopweteka, mnzake wa pambali amalowa m'malo mwake m'mawa womwewo. Othamanga zigawo za kutsogolo amakhala atapita kale pa malo awo olandirira lamba, aliyense ndi mnzake womunyamulira chikwama ndi chijasi chofunda. M'mbali mwa msewu mumaima ophunzira ambirimbiri, ambiri mwa iwo ochokera m'sukulu zimene zinalephera kulowa mpikisano, atafulatira othamanga n'kuyang'ana khamu la anthu kuti pasapezeke wolowa mumsewu. Zaka zina oonerera amapitirira miliyoni imodzi pa masiku awiriwo.

Magalimoto nawo ali ndi ndandanda yake. Patsogolo pamakhala apolisi a njinga zamoto zoyera ndi galimoto zojambula za wailesi yakanema. Pambuyo pa othamanga pamabwera galimoto za matimu, timu iliyonse galimoto imodzi basi, komanso za oweruza ndi za madokotala. M'galimoto ya timu mumakhala dalaivala wake, mphunzitsi wa timuyo ndi oyang'anira malamulo. Mphunzitsi sagwira chiwongolero, chifukwa maso ake ali pa miyendo ndi pa mapewa a mnyamata wake. Amaloledwa kulankhula pa chimkuzamawu pa malo oikika okha, kwa kanthawi kochepa. Kale matimu ankatsatira anyamata awo pa majipi, aphunzitsi ataimirira n'kumakuwa njira yonse, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zimenezi zinaletsedwa chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto mumsewu. Galimoto za matimu zinadzabwereranso mu 2003, ulendo uno pansi pa ulamuliro wa okonza mpikisano.

Chigawo choyamba chimatuluka mu Tokyo kulowera kumwera, n'kuoloka mtsinje wa Tama pa mlatho wa Rokugo. Mtsinjewu ndi malire a Tokyo ndi chigawo cha Kanagawa, ndipo cha pomwepo apolisi a Tokyo amasiyira ntchito anzawo a ku Kanagawa, kupatsirana monga achitira othamanga. Asanafike pa mlathowu, pa malo otchedwa Kamata, kale njanji inkadutsa mumsewu. Mu 2008, pa ulendo wobwerera, mnyamata wa yunivesite ya Tokai anakodwa phazi pa njanjiyo, nabinya mwendo, ndipo sanathe kumaliza ngakhale kuti anali pa chigawo chotsiriza. Mu 2012 njanjiyo inakwezedwa m'mwamba pa zipilala, ndipo msampha umenewo unatha.

Lamba amasintha phewa koyamba ku Tsurumi. Chigawo chachiwiri, cha makilomita 23.1, chimadutsa mumzinda wa doko wa Yokohama n'kukwera chitunda cha Gontazaka, ndipo matimu amaikapo akatswiri awo. Pa chigawo chimenechi ndi pamene Joseph Otwori wa ku Kenya, wophunzira wa ku Yamanashi Gakuin, anapitirira anthu asanu ndi awiri mu 1989, kutsegulira njira anyamata ena a ku Africa amene akhala akuthamanga kumeneko kufikira lero. Kuchokera ku Totsuka msewu umatsetsereka kulowera kunyanja. Wothamanga amakhala ndi nyanja ya Sagami kumanzere, mitengo ya paini m'mbali, ndipo kukacha bwino phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, limaoneka kutsogolo litavala chipewa choyera. Kokongolako n'komwe kuli mphepo ya kunyanja yowomba pachifuwa, komanso dzuwa limene limayamba kutentha ngakhale ili nyengo yozizira.

Nkhani ya madzi akumwa njofunika kuimvetsa. Kwa zaka zambiri anyamatawa ankathamanga osamwa kanthu. Mu 1996 matimu awiri, Kanagawa ndi Yamanashi Gakuin imene inali itapambana zaka ziwiri zotsatizana, anatuluka mumpikisano pa chigawo chachinayi, anyamata awo atavulala miyendo. Kuyambira chaka chotsatira, 1997, okonza anayamba kupereka madzi panjira. Lero, pa zigawo zambiri madzi amaperekedwa kawiri, cha pa makilomita 10 ndi cha pa makilomita 15. Saponyedwa kuchokera pa zenera la galimoto. Munthu mmodzi wosankhidwa, kawirikawiri mnzake wa m'timu amene sanapeze malo othamanga, amadikira pa malopo, n'kuthamanga pambali pake mtunda wosapitirira mamita 50, kupereka botolo, kumuuza mmene anzake atalikira, kenaka n'kupatuka.

Pamene pali nkhondo yeniyeni ndi pa chigawo chachisanu. Chimayambira ku Odawara, mzinda wakale wa linga la mafumu, pafupi ndi nyanja, n'kulowa m'chigwa cha Hakone-Yumoto, kumene kuli akasupe a madzi otentha ndi nyumba zogona alendo. Kuchoka pamenepo msewu umayamba kukhotakhota ngati njoka, kukwera osaleka, kudutsa Ohiradai ndi Miyanoshita, mpaka pamwamba penipeni pa mamita 874. Pa Kowakidani sitima ya m'phiri imadutsa mumsewu, koma tsiku limenelo sitimayo ndi imene imaima kudikira anthu a miyendo. Mnyamata amanyamuka kumunsi thukuta lili kamukamu, atavala kabudula ndi kamalaya kopyapyala, ndipo akamafika pamwamba mphepo yozizira imaumitsa thukutalo pathupi. Thupi likazizira mopitirira muyeso, ndiponso shuga akatsika m'magazi, munthu amayamba kudzandira ngati woledzera, osadziwanso kumene akupita.

Zimenezi zachitikapo anthu akuona. Mu 2008 mnyamata wa yunivesite ya Juntendo, imene inapambana chaka cha 2007, anagwa patangotsala pafupifupi theka la kilomita kuti amalize. Mu 2013, tsiku la chimphepo, matimu a Josai ndi Chuo onse anathera m'phirimo. Chigawochi chinali chitatalikitsidwa mu 2006 kupitirira makilomita 23. Ataona mmene anyamata ankavutikira, okonza anachifupikitsa mu 2017 kufika pa makilomita 20.8.

Apa m'pamene pamaonekera ntchito yeniyeni ya galimoto yotsatira. Mnyamata amene wanyamula lamba wa anzake salola kuima, ngakhale mwendo utathyoka. Amaganiza za amene athamanga kale ndi amene akudikira kutsogolo, amakukuta mano n'kumakwawa. Woti amuimitse ndi mphunzitsi wake pamodzi ndi oweruza ndi adokotala. Mphunzitsi akatsika m'galimoto n'kumugwira mnyamatayo, ndiye kuti timu yonse yatuluka mumpikisano wa chaka chimenecho, ndipo khama la miyezi 12 lapita. Anzake otsala amathamangabe zigawo zawo, koma timuyo siwerengedwa pa mndandanda. N'chifukwa chake mphunzitsi amayamba wayenda pambali pa mnyamatayo, kumufunsa, kumuyang'ana m'maso, dzanja lili m'malere. Akaona kuti maso asokonekera, amamukumbatira.

Tsiku loyamba limathera m'mphepete mwa nyanja ya Ashi, pakati pa mapiri. Pafupi pomwepo pali chipata chakale cha Hakone, chimene mafumu a ku Edo, dzina lakale la Tokyo, anakhazikitsa mu 1619 pa msewu wa Tokaido, ndipo apaulendo ankaonetsapo zikalata zawo asanapitirire mpaka mu 1869. Pa misewu yakale yotereyi amithenga ankapatsirana makalata ndi kusintha akavalo pa malo opumira, ndipo mawu akuti ekiden anachokera ku mchitidwe umenewo.

M'mawa wa pa 3 Januwale, 8 koloko, wotsogola amanyamuka yekha, enawo n'kumatsatira molingana ndi mphindi zimene anatsalira dzulo lake. Onse amene anatsalira kupitirira mphindi 10 amanyamukira limodzi pa 8:10, kuti mzere usatalike. Kutsika phiri kuli ndi zoopsa zake: nthawi zina msewu umakhala woterera ndi madzi oundana, ndipo liwiro lake limasupula mapazi. Pa chifukwa ichi galimoto za matimu sizitsatira anyamata m'makhotamo. Zimawadikira kumunsi, cha ku Hakone-Yumoto, n'kuwatsatira makilomita otsiriza okha.

Lamulo lowawa kuposa onse limaoneka pa ulendo wobwererawu. Wotsogola akadutsa pa malo opatsirana lamba, oweruza amayamba kuwerenga nthawi. Zikakwana mphindi 20, mfuti imalira, ndipo onse amene akudikirabe anzawo amanyamuka atavala lamba wapadera. Ku Tsurumi, polowera pa malowa, msewu ndi wowongoka mtunda ndithu, kotero kuti mnyamata amatha kufika lamba ali m'manja, akumuona mnzake kutsogolo, mfuti n'kulira iye atatsala ndi masitepe owerengeka. Ambiri amagwa pansi n'kulira ngati pamaliro. Timu siichotsedwa, nthawi yake imawerengedwabe, koma lamba wa sukulu waduka ulendo. Oweruza sawonjezera ngakhale sekondi imodzi, pakuti kumbuyoko kuli mabasi, maambulansi ndi anthu amene akudikira msewu wawo, ndipo wothamanga wotsalira yekha kutali ndi apolisi ndi amene galimoto ingamugunde.

Cha m'ma 1 koloko masana otsogola amaoloka mlatho wakale wa Nihonbashi n'kufika pa Otemachi pamene anayambira, atathamanga maola osakwana 11 pa masiku awiri. Matimu 10 oyambirira amapeza malo a chaka chamawa, otsalawo amakayambiranso mpikisano wa chipulula m'mwezi wa Okutobala. Wotsiriza akangodutsa, zingwe zimachotsedwa, ophunzira amatola zinyalala, ndipo magalimoto amayambanso kuyenda ngati sipanachitike kanthu.

Aphunzitsi ndi akuluakulu a masewera amene amakonza liwiro la ana a sukulu pa msewu tsiku la chikondwerero alibe njinga zamoto zoyera kapena galimoto 21. Komabe zambiri za ku Hakone sizilira ndalama. Apolisi ndi mafumu amauzidwa nthawi idakalipo. Galimoto kapena njinga yotsatira imayenda pambuyo pa mwana, ndipo woyendetsa sakhala yemwe akukuwa. Madzi amadikira pa malo odziwika. Pa mphambano iliyonse pamaima munthu woyang'ana khamu. Nthawi yotsekera liwiro imanenedwa lisanayambe. Ndipo pamakhala wamkulu mmodzi amene aliyense akudziwa kuti akagwira mwana paphewa, liwiro la mwanayo lathera pomwepo.