Pepala la Monita ku Chadiza

Mame asanaume m'minda ya dziko la Mfumu Zingalume, chitsulo chopachikidwa pamtengo chimakhala chitalira kale, ndipo pachipata cha sukulu ina ya m'boma la Chadiza paima mapulifekiti awiri, amene ayang'ana wochedwa aliyense, namupatsa tsache kapena chikwakwa monga mwa kuchedwa kwake. Mkwapulo mulibe m'manja mwawo, pakuti boma la Zambia linauletsa m'sukulu mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linatsimikiza chiletsocho.

Koma amene anandigwira mtima ndiye monita wa giredi 6, kamtsikana kochepa msinkhu, kodekha ngati mayi wa pamudzi. Chiyambire 2022, pamene boma la a Hakainde Hichilema linachotsa malipiro a sukulu, ana achuluka kotero kuti ena akhala pansi, mabuku ali pamaondo. Ndipo aphunzitsi akatuluka kukaona kalasi lina, khamu lonselo litsala m'manja mwa mwana ameneyu ndi kapepala kake ka ochita chongo. Salemba msanga ayi. Ayamba wamuyang'ana wosokosayo, nakweza bolopeni pang'ono, nadikira. Ndipo mnyamata wamtali, amene kwawo alima kale ndi ng'ombe, aweramitsa mutu natsegula buku. Dzina la mng'ono weniweni wa monitayo ndinaliona papepalapo, lolembedwa poyamba penipeni! Akulu amene alirabe mkwapulo, nati ana a masiku ano alibe mwambo, ndikadakonda atabwera kudzaima pazenera la kalasi limeneli.

Masana ndi njala, fumbi ndi masamu basi.

Dzuwa litapendeka, ana asonkhana pansi pa mango kuweruza awiri amene anamenyana pamjigo. Mwambo wake ndi wa bwalo la kumudzi: wodandaula ayamba, woimbidwa mlandu ayankha, mboni ziwomba m'manja zisanalankhule, mphunzitsi ali chapatali wosalowererapo kufikira atafunsidwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Sindibisa kuti pali mapulifekiti ena okondera, amene chitumbuwa chimodzi chiwaiwalitsa dzina la bwenzi, ndipo otere ayenera kuchotsedwa ndi anzawo omwewo. Koma tsiku limene ndinalipo mlandu unagamulidwa molungama: onse awiri apepesane, ndipo athirire dimba la sukulu pamodzi kufikira Lachisanu, ndi ndowa imodzi. Ananyamuka akung'ung'udzabe, nayamba kukangana za amene ayambe kupopa madzi.