Ngongole ya njinga ya ku Mwenge

Ndili ndi ngongole imene sindingathenso kubweza, chifukwa mwini wake anatisiya. Ndi ngongole ya njinga, ndipo ndinaitenga ku Mwenge, mumzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania.

Monga Amalawi ambiri, ndinawoloka mtsinje wa Songwe ndili mnyamata kukasaka ntchito. Poyamba ndinkasamala maluwa panyumba ina, kenaka ndinagula njinga yakale ya Phoenix n'kuyamba kuperekera mazira m'magolosale. Mwenge ali pamphambano pamene msewu wa Sam Nujoma umakumana ndi wopita ku Bagamoyo. Alendo amapadziwa chifukwa cha msika wa ziboliboli za Amakonde, koma ife apanjinga tinkapadziwa chifukwa cha mtengo wina wa nimu.

Pansi pa mtengowo pankakhala bambo wina wokonza njinga. Tonse tinkangowatcha a Fundi, mawu a Chiswahili otanthauza mmisiri. Chuma chawo chinali pampu, masipanala, chitini cha girisi ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka. Pampu sankalipiritsa. Ogulitsa makala, onyamula madzi ndi ana asukulu ankangopopa n'kumapita. Wosowa ndalama ankamumatira chubu, kenaka n'kumuonetsa mmene angamatire yekha mawa lake.

Tsiku lina ndinatsamiritsa njinga pakhomo la golosale. Potuluka ndinapeza palibe njinga, palibenso mazira, chonsecho mazirawo ndinatenga pangongole. Ndinapita pamtengo paja miyendo ili lendee, ndikuganiza zongobwerera kumudzi chimanjamanja. A Fundi anandimvetsera osayankha kanthu. Patatha masiku atatu anandiitanitsa. Anali atalumikiza felemu yadzimbiri, mawilo osiyana mitundu, chishalo chosoka ndi keliyala yolimba, mpaka njinga inaima.

"Mnyasa, kwera uzipita," anatero.

"Nanga ndilipira bwanji, bambo?"

"Udzalipira mazira akowo akadzaswa anapiye."

Anzanga anaseka, pakuti mazira ogulitsa saswa. Chimene anandilamula chinali chimodzi chokha: Loweruka lililonse ndizibwera kudzaphunzira kuwongola wilo ndi kumanga masipoko.

Mtima umenewu sunali wa kwa ine ndekha. Mu 2006 okwera njinga mumzindamo anakhazikitsa bungwe la UWABA, Umma wa Wapanda Baisikeli, lomenyera kuti misewu izikhala ndi malo otetezeka oyendamo njinga. Achinyamata akamakonzekera maulendo apagulu okumbutsa anthu za ufulu umenewu, a Fundi ankachezera kuwamangira mabuleki mwaulere. Ankati njinga yopanda mabuleki ndi maliro oyenda okha. Mabasi a mwendokasi atayamba mu 2016, msewu wa Morogoro uli ndi njira ya njinga m'mbali mwake, iwo anapalasa mpaka ku Ubungo, ngakhale mawondo anali atayamba kuvuta, kuti akayendemo okha.

Nditabwerera kwathu ku Nkhotakota ndinalonjeza mumtima kuti ndikakolola mpunga ndidzawatumizira kangachepe. Chaka choyamba madzi anakokolola munda. Chaka chotsatira ndinati ndiyambe ndafolera nyumba. Ndikuzengereza chomwecho, mnzanga wina anandiimbira foni kuti a Fundi amwalira ndipo aikidwa kale. Anandiuza kuti pamaliro njinga zinadzaza njira, ndipo aliyense anali ndi nkhani yake: wina tcheni, wina tayala, wina ndalama ya mankhwala. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ngakhale mawu oyamikira sindinawatumizire.

Akulu anati kupatsa n'kuika. Kumudzi kuno njinga ndiyo imanyamula matumba kupita kumsika, wodwala kupita kuchipatala ndi mlangizi kupita kwa alimi. Komabe njinga zambiri zimagona kuseri kwa nyumba chifukwa cha sipoko imodzi kapena chubu chobooka. Ndinapempha kalabu yathu ya alimi kuti tisonkhe ndalama, ndipo tinagula pampu, masipanala, guluu ndi zigamba. Zidazi zimakhala pakhonde panga, ndipo Loweruka lililonse ndimaphunzitsa anyamata ndi atsikana omwe. Kalabu iliyonse ingathe kuchita chimodzimodzi.

Sabata yatha mnyamata wina wakabaza anabwera ndi wilo lopindika, m'thumba mulibe kanthu. Titaliwongola anandifunsa kuti, "Ndi zingati, bambo?" Ndinamufunsa ngati kwawo amagulitsa mazira, ndipo ndinamuuza kuti abwerenso Loweruka.