Brufen amene ndinagulira amayi

Anzanga amene mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinajombera masiku atatu teremu yatha, yankho lake ndi ili.

Amayi anabereka mlongo wanga mwa opareshoni. Patatha sabata ziwiri mwendo wawo wamanzere unatupa, katumba n'kumatentha komanso kupweteka. Ena anayamba kale kunong'ona kuti aponda zoipa. Kuchipatala anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo. Adokotala anati zimenezi zimakonda kugwira mayi amene wangobereka kumene, kapena munthu amene wagona nthawi yaitali osayenda. Choopsa n'chakuti kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka kamakatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu n'kubanika, mwinanso kufa kumene.

Masiku oyambirira ankawabaya jakisoni wa heparin, amene amagwira msanga, uku akumwa mapiritsi a warfarin, amene amatenga masiku angapo kuti ayambe kugwira. Mankhwalawa sasungunula magazi oundana ngati shuga mu tiyi ayi. Amangochedwetsa kuundana kuti vutolo lisakule, thupi lokha n'kumachotsa zoundanazo pang'onopang'ono. Powatulutsa anawauza kuti azimwa warfarin tsiku lililonse nthawi yofanana kwa miyezi itatu, ndipo azipita kukayezetsa magazi. Kuyezako amati INR, ndipo nambala yawo imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi angaundanenso. Ikakwera kwambiri, munthu akayamba kutaya magazi savuta kupitirira.

Tsiku la malangizowo ine ndinali m'kalasi, sindinamve chilichonse. Ndiye Loweruka lina amayi anadandaula msana. Ndinatenga ndalama yanga ya mandasi, liwiro ku okala, n'kugula Brufen. Iwo anawaletsa asipirini, koma sanadziwe kuti Brufen ndi m'bale wake. Komanso wagula ndi mwana wa sekondale, angakayike chiyani? Anamwa masiku anayi.

Lachitatu m'mawa potsuka mano, magazi ali chuchuchu m'nkhama. Kenako kamfuno wosaleka, chitenje chonse kufiira. Tili pa kabaza m'pamene anandinong'oneza kuti chimbudzi chawo chada ngati makala kuyambira dzulo lake.

Anamwino anafunsa kuti, “Mayi, kupatula warfarin mwamwanso chiyani?”

Amayi anangoti zii, kunditeteza. Ine m'mimba munatentha, koma ndinayankha. “Ndine ndinawagulira Brufen.”

Sanandikalipire. Anandikhazika pabenchi n'kundiuza kuti Brufen, asipirini ndi diclofenac amafooketsa tizigawo ta magazi timene timatseka bala, komanso amakanda m'mimba. Ukawaphatikiza ndi warfarin, kabala kakang'ono ka m'mimba kamangotuluka magazi. Chimbudzi chakuda chija anali magazi amenewo. Anati ngakhale Panado, mankhwala a zitsamba kapena a TB, munthu wa warfarin ayambe wafunsa kuchipatala. Amayi anagonekedwa masiku atatu, ine ndikudikirira ndi khanda kumsana.

Nditabwerera kusukulu, aphunzitsi a Biology anandiuza zimene zinandiimitsa tsitsi. Warfarin anayamba kugulitsidwa ku America mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 m'pamene analoledwa kuperekedwa kwa anthu. Khoswe amafa chifukwa chotaya magazi mkati. Munthu amapulumuka chifukwa mlingo wake ndi woyezedwa, ndipo magazi ake amayang'aniridwa. Ine ndinasokoneza mlingowo ndi ndalama ya mandasi.

Panopa ndine ndimasunga kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo tsiku loyezetsa ndinalilemba pachikuto cha kope la masamu. Ndaphunziranso za ndiwo. Masamba obiriwira monga nkhwani, bonongwe ndi mpiru ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sanawaletse kudya, koma anati azidya mlingo wofanana, osati lero mphika wonse, sabata yamawa osalawa n'komwe.

Amayi akuyenda bwinobwino tsopano, ndipo nkhani ya Brufen sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ine ndi amene sindiiwala. Tonsefe timatumidwa ku okala, ndipo m'kalasi timagawana mapiritsi ngati maswiti. Musanapatse munthu piritsi, mufunseni kaye kuti, “Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?” Ine funso limeneli sindinafunse.

Mtsikana wa Fomu 3