Impso ya mwana wa mtchona

Ntchito yanga ndi yosanthula mawu, ndipo mawu amene akhala akundisowetsa mtendere ndi akuti "Mthandizi". Umu ndi momwe makolo athu ankatchulira bungwe lomwe linkalemba anthu a ku Nyasaland kuti akagwire ntchito m'mafamu a azungu ku Southern Rhodesia. Malume anga adapita nalo m'zaka za m'ma 1950, nakatchona pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ku Mashonaland.

Mwana wawo, msuweni wanga wobadwira pafamupo, adadwala impso ali ndi zaka 66. Dokotala adati chithandizo chokhalitsa n'kumuika impso ya munthu wina, ndipo mwana wake wamkazi adadzipereka. Koma opaleshoni yotere idalekeka m'zipatala za boma ku Zimbabwe mu 1992, kotero odwala ankapita ku India kapena ku South Africa. Akadalipira ndani? Inshuwalansi ya zaumoyo m'dzikomo imatsata malipiro a pamwezi, ndipo imafikira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10. Msuweni wanga ntchito idamuthera mafamu atayamba kulandidwa mu 2000. Lamulo la unzika la 2001 lidamusandutsa mlendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo atsopano a 2013 adadzakonza zinthu.

Boma lidachita bwino mu 2018 pochotsa malipiro a makina otsuka magazi m'zipatala zake. Komabe makinawo ali m'mizinda, ndipo ulendo wa ku Harare kawiri pa sabata udatha mbuzi zake zonse. Adamwalira impso yomupatsa ilipo.

Ena amati chuma chochepa cha boma chisathere pa okalamba. Ndikuvomereza kuti si nkhalamba iliyonse ingapirire mpeni. Zimenezo aweruze ndi dokotala. Koma mlandu wa msuweni wanga udaweruzidwa ndi thumba. Ku United States, inshuwalansi ya boma ya Medicare imalipirira anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo opaleshoni yomweyi.

Mawu akuti "inshuwalansi" ndi obwereka, koma nzeru yake si yachilendo. Matchona adakhazikitsa mabungwe a maliro, kumasonkha pang'onopang'ono kuti mnzawo asaikidwe ngati galu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Bungwe lotere ndilo lidagula bokosi la msuweni wanga. Ngati anthu olandira makobidi ochepa chotere adatha kusonkherana za imfa, dziko lomwe lidalemera ndi fodya wawo lingathe kusonkha za moyo wa ana awo.