Pagolo Pamaima Mmodzi

Ndinabadwira ndi kukulira m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, kumene mpunga ndiwo chuma chathu ndipo dzuwa la mu Okutobala limawamba munthu ali chiimire. Kwathu kuno mwana wamwamuna amadziwa kumanga chimpombwa, mpira uja wa mapepala a pulasitiki okulungidwa ndi zingwe, asanadziwe ndi kugwira khasu komwe. Anzanga onse ankalimbirana kumwetsa zigoli. Ine ndinkathamangira pakati pa miyala iwiri imene tinkaiyesa golo, ndipo chimene chinkandikokera pamenepo linali dzina limodzi lokha, la Efford Chabala.

Chabala sindinamuonepo ndi maso anga. Ndinkangomumva pa wailesi ya bambo anga, m'mawu a malemu Dennis Liwewe, amene ankaulutsa mpira ngati kuti moyo wa dziko lonse uli pa phazi la munthu mmodzi. Chabala wa Mufulira Wanderers ndiye anali pagolo pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0 pa masewera a Olimpiki a ku South Korea mu 1988. Tsono pamene ndege ya timu yathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon, usiku wa pa 27 Epulo 1993, n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18, dziko linataya otchinga pagolo awiri nthawi imodzi: Chabala ndi Richard Mwanza. Ine ndinali ndi zaka 13. Ndinalira ngati maliro agwa pakhomo pathu, ndipo mwachibwana ndinalumbira mumtima kuti golo lasiyidwalo ndidzaimapo ndine.

Chaka chotsatira, James Phiri ataima pagolo la timu yatsopano mpaka kukafika pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia, kumene Nigeria inatiposa 2-1, chidwi cha mpira chinakula m'midzi monse. Mvula itatha ndipo mitsinje itaphwa, aphunzitsi anaitana anyamata a m'sukulu za m'dera lathu kuti asankhe timu yokapikisana ndi madera ena. Ofuna kuima pagolo tinalipo anayi. Malo analipo awiri, wina woyamba, wina wodikira panja.

Owerenga okondedwa, amene simunaimepo pagolo mwina simudziwa kulemera kwa tsiku lotere. Mnyamata wosewera mkati akalephera kutsogolo amamuyesa pakati, akalephera pakati amamuyesa kumbuyo, pakuti malo a mkati alipo 10. Pagolo pamaima mmodzi. Womwetsa zigoli akaphonya kasanu n'kumwetsa kamodzi, anthu amamunyamula pamapewa. Wotchinga pagolo akagwira mipira isanu n'kutaya umodzi, umodziwo ndiwo umakambidwa pa chitsime ndi pa msika sabata yonse. Golo lenilenilo ndi lotambalala mamita 7.32 ndi lotalika mamita 2.44, ndipo mwana wa zaka 14 akaima pakati pake amaoneka ngati mpheta pakhomo la nkhokwe.

Tsiku limenelo bambo anga anasiya ntchito yopuntha mpunga napalasa njinga kudzandiona. Poyamba zinandiyendera bwino. Ndinadumpha kumanja, ndinadumpha kumanzere, fumbi lili koboo, anthu akufuula kuti, "Chabala! Chabala!" Kenaka mnyamata wina anaponya mpira wofooka, wongogubuduzika, woti ndi agogo omwe akadaugwira. Ine ndinauweramira mwamatama, miyendo ili tang'a, ndipo unadutsa pakati pa mapazi anga n'kulowa. Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

Chimene ndinachita pambuyo pake ndicho chinandigwetsa. Ndinakalipira osewera kumbuyo ngati kuti iwo ndiwo anatsegula miyendo yanga. Ndinasiya kuyang'ana mpira n'kumayang'ana kumene kunaima bambo anga. Pasanapite nthawi zigoli zina ziwiri zinalowa, ndipo dzina langa silinatchulidwe madzulo amenewo.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa njinga. Tinayenda mtunda wautali popanda wolankhula. Titatsala pang'ono kufika, bambo ananena mawu ochepa, osakweza ngakhale mawu: "Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu." Sindiwaimba mlandu. Anali munthu wabwino amene anatilera ndi thukuta lake, ndipo tsiku lomwelo anali atataya ntchito ya tsiku lathunthu chifukwa cha ine. Koma kuchokera pamenepo sindinaimenso pagolo. Zigoli zitatuzo ndikadaziiwala pofika Lolemba. Mawu awowo ndinayenda nawo zaka zoposa 20.

Mwana wanga wachisamba anatenga nthenda yomweyo, ndipo iye anaitengera pa kanema. Pa 12 Febuluwale 2012 tinadzazana m'sitolo ina pa boma kuonera Zambia ikulimbana ndi Ivory Coast mu mzinda womwe uja wa Libreville. Mphindi 120 zinatha popanda chigoli. Pa mapenate Kennedy Mweene anachoka pagolo namenya yekha penate yachisanu n'kumwetsa, kenaka anabwerera nagwira penate ya Kolo Touré, ndipo Zambia inatenga chikho ndi 8-7, Stoppila Sunzu atamwetsa yomaliza. Mwanayo anali ndi zaka 7, atakhala pamapewa panga. M'mawa mwake ndinamupeza atavala masokosi anga m'manja, akuti ndi magolovesi a Mweene.

Mu Juni 2018 nthawi yake inakwana. Anali ndi zaka 13, ndipo anapita kukayesedwa pa timu ya ana a sukulu ya m'dera lathu. Ofuna pagolo analipo asanu ndi awiri, malo ali awiri monga kale. Ena anachokera kufupi, ena anayenda pansi kuchokera kumidzi ya kutali, atanyamula mbatata yophika m'kathumba. Mmodzi yekha ndiye anali ndi magolovesi, ndipo ankabwerekana. Bwalo la kwathu m'chilimwe limauma ngati njerwa yootcha, kotero aliyense wodumphira mpira ankadzuka zigongono zitasupuka.

Ine ndinakaima kuseri kwa golo, pamodzi ndi makolo ena awiri, ndipo ndinayamba kulangiza mwana wanga mofuula. "Tuluka! Bwerera! Tseka miyendo!" Mwanayo ankati akayang'ana mpira, n'kucheukiranso kwa ine. Mphunzitsi wosankha timu, munthu wachikulire wa imvi, anaimitsa masewera nabwera kwa ife mwaulemu. Anati, "Makolo, chonde tiyeni tikakhale pamthunzi uko. Mwana ali ndi makutu awiri okha, ndipo onsewo akufunika m'bwalo." Ndinachoka nkhope itagwa.

Pamthunzipo mphunzitsiyo anandifotokozera zimene iye ankayang'ana, ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zonse zija sindinkadziwa ntchito imene ndinkailirira. Kudumpha, iye anati, ndi chinthu chomaliza. Choyamba ndi poima: wodziwa amasuntha mapazi mpira usanamenyedwe, natuluka pang'ono kuti womenyayo aone golo litachepa, ndipo mipira yambiri imangomupeza pachifuwa. Chachiwiri ndi kuika thupi lonse kumbuyo kwa mpira, kuti ukapulumuka m'manja upeze mimba kapena bondo. Chachitatu ndi mapazi, pakuti kuyambira mu 1992 lamulo limaletsa wotchinga pagolo kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi. Chachinayi ndi pakamwa: iye yekha ndiye amaona bwalo lonse, tsono ayenera kuuza anzake poima. "Koma chachikulu," anatero mkuluyo, "ndimadikira kuti chigoli chilowe. Pamenepo m'pamene ndimamudziwa mwana. Paja walira mvula walira matope. Wofuna golo wafunanso zigoli."

Tili chikambire, chigoli chinalowadi. Mpira wa pakona unabwera m'mwamba, mwana wanga anatuluka mochedwa, naugwira ndi nsonga za zala, ndipo unagwera pa phazi la mdani. Anthu anaseka monga anandisekera ine. Mtima wanga unagunda ngati ndabwerera mu 1994. Ndinamuona akucheuka kundifuna kuseri kwa golo, koma sanandipeze. Anaima kanthawi, natola mpira mu ukonde, naomba m'manja kulimbikitsa anzake, ndipo kona yotsatira anaitulukira msanga n'kuigwira bwinobwino.

Komabe sanasankhidwe. Woyamba anakhala mnyamata wamtali wochokera ku dera la mfumu Chifunda, wosavala nsapato, amene sanadumphe kawirikawiri koma mawu ake ankamveka bwalo lonse. Wachiwiri anakhala mwini magolovesi uja, ndipo kunena zoona anayenera, pakuti mapazi ake anali abwino kuposa a onse. Mwana wanga anatsala wachitatu, malo amene alibe yunifolomu.

Pobwerera anakhala kumbuyo kwa njinga yanga. Tinayenda mtunda wautali popanda wolankhula, ndipo ndikuulula kuti mawu a bambo anga anafika pamlomo panga, athunthu, ngati kuti ankangodikira tsiku limeneli. Ndinali nditadzitama kwa anzanga kuti mwana wanga ndi Mweene wa mawa. Manyazi amene ndinkamva anali anga, ochokera m'matama anga, ndipo ndinatsala pang'ono kumusenzetsa mwana wosalakwa. Pamenepo m'pamene ndinawamvetsa bambo anga koyamba, ndipo pamenepo m'pamenenso ndinatsimikiza kuti katundu ameneyu athere pa ine.

Mwanayo ndiye anayamba, mwa chizolowezi cha kwathu ku Usenga. "Adada, mwakwiya?"

Ndinaimitsa njinga. Ndinati, "Iyayi mwananga. Ndiuze, kona yachiwiri ija unaitulukira bwanji msanga chotero?"

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, momwe anaonera phazi la womenyayo. Ine ndinamuuza za mpira umene unadutsa pakati pa miyendo yanga, nkhani imene ngakhale amayi ake anali asanaimvepo. Anaseka mpaka misozi, ndipo nanenso ndinaseka nayo koyamba. Tinafika pakhomo dzuwa litalowa, tikukankha njinga.

Mu Okutobala chaka chomwecho kunamveka mbiri yoti anyamata a Zambia afika pa nambala 4 pa masewera a hockey, a osewera asanu mbali iliyonse, pa Olimpiki ya achinyamata ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, kumbuyo kwa Malaysia, India ndi eni bwalo. Masewerawa kwathu ku Chama sitiwadziwa. Amaseweredwa ndi ndodo zopindika kunsonga, ndipo ku Lusaka kuli bwalo lake pa Olympic Youth Development Centre, malo amene anatsegulidwa mu 2010. Mwana wanga ataona chithunzi pa foni ya amalume ake, maso ake anapita kwa wotchinga pagolo, amene anavala chisoti cholimba chophimba nkhope, zotchingira pachifuwa ndi zotchingira miyendo zikuluzikulu, chifukwa kampira ka masewerawa n'kolimba ngati mwala ndipo kamathamanga koopsa. Anayang'anitsitsa nati, "Adada, uyu wavala zonsezi, koma chikalowa amatola yekha ngati ine." Ndinaona kuti mwanayo wadziwa chinthu chimene ine ndinachedwa nacho. Kaya ndi ku Buenos Aires kaya ndi pa fumbi la ku Chama, palibe chovala chimene chimatchinga mtima wa mwana woima pagolo. Chimene chimautchinga ndi mawu amene akamve pobwerera kunyumba.

Tsono kwa inu makolo anzanga amene ana anu akukayesedwa, pa mpira wamiyendo, pa mpira wamanja kapena pa masewera ena alionse, ndili ndi pempho lochokera m'kulakwa kwanga. Pitani mukawaone, pakuti mwana amanyadira kuona kholo lake. Koma mukakhale pamthunzi, osati kuseri kwa golo. Musalonjeze anzanu zimene mwana wanu sanalonjeze. Wosankha akasankha wina, musathamangire kunena kuti pali kukondera, chifukwa mukatero mwaphunzitsa mwana kukalipira ena monga ndinachitira ine. Ndipo pobwerera, musayambe ndi chigoli chimene chinalowa. Mufunseni za mpira umene anagwira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo otchinga pagolo amakhwima mochedwa kuposa osewera ena onse. Mwana wokanidwa ali ndi zaka 13 sanathe ayi, pokhapokha ife eni ake titamumaliza ndi pakamwa.

Mu 2019 mwana wanga anapitanso. Anasankhidwa kukhala wachiwiri, ndipo pa mpikisano wonse anangosewera theka la masewera amodzi, pamene woyamba uja anavulala chala. Chigoli chimodzi chinamulowa. Lero ndi mnyamata wamkulu, ali ndi ntchito zina, ndipo dziko silidzamva dzina lake pa wailesi. Koma madzulo a Loweruka, akakhala kuno kumudzi, amatenga tiana ta m'mudzi kupita nato kudambo, naika miyala iwiri, n'kumatiphunzitsa kuika thupi kumbuyo kwa mpira. Tsiku lina anandiitana kuti ndiimepo. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinaima pakati pa miyalayo koyamba chichokere 1994. Kamwana ka zaka 8 kanamenya chimpombwa, ndipo chinadutsa pakati pa miyendo yanga. Ndinachitola, n'kukaponyera kuti kamenyenso.