Masau a kwa Kawinga

Inu oyenda pa mseu wocokera ku Liwonde kunka ku Ntaja, kwa Mfumu Kawinga, taimani muone kamtengo kaminga m'mbali mwa minda. Tembenuzani tsamba lace: pamwamba mpobiriwira mowala, pansi mpotuwa ndi tiubweya. Minga iri iwiri-iwiri, wina woongoka, wina wokhota ngati mbedza. Umenewo ndiwo msau. Kankhande afanana nao, koma zipatso zace sizikoma cotero.

Timaluwa tace tacikasu tituruka m'dzinja, ndipo masau apsa nyengo yozizira, mango atatha kale-kale. Musautenthe posoosa munda. Pobzala, swani nthanga yolimbayo, mufese njere ya m'kati mvula itagwa. Pomera chinganiponi msanga, cifukwa mbuzi siiopa minga yanthete.