KAMBA SALIRA AKAMVA LUDZU

Mwezi wa Okutobala ukafika m'Cigawo ca Kum'mawa, zamoyo zonse zimadandaula. Ng'ombe zimalira kudambo, nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe, ndipo ana amapempha madzi kosaleka. Kamba yekha ndiye alibe liu. Munthu womsunga pakhomo ayenera kumva ludzu lake ndi maso.

Izi anaziphunzira mnyamata wina wa m'boma la Katete, amene anapulumutsa kamba wa mawanga onga a kambuku pa moto wa lupsa. Anamuika m'khola lakale la nkhuku namampatsa mikute ya nsima. Patapita milungu ingapo, khungu la pakhosi ndi la m'miyendo linatuwa ndi kuyamba kusendeka, maso analowa m'kati, ndipo kambayo anangokhala duu pangodya.

Mnyamatayo anatenga mafuta a nsatsi kuti amdzoze, koma ambuye ake anamgwira dzanja.

"Mdzukulu wanga, mafuta ndi a munthu. Uyu akufuna madzi," anatero ambuyewo.

"Nanga bwanji amandikodzera ndikamnyamula, Ambuye? Si ndiye kuti madzi ali nao ambiri?"

Funso limeneli ndi lofunika. Akuluakulu amati kamba amanyera amene wamtola, koma kambayo sacita mwano ai. Iye amasunga madzi m'cikhodzodzo kuti amthandize pa cilimwe, ndipo akaopsedwa amawataya. Motero mwana aliyense amene anali kumnyamula kuti aonetse anzake anali kumkhuthulira citsime cake.

Mankhwala ake sanali a ndalama. M'mawa uliwonse mnyamatayo anali kuthira madzi ofunda pang'ono m'beseni, ongofika pacibwano ca kamba, ndi kumsiya momwemo mphindi 20 akumyang'anira. Madzi akuya ndi oopsa, pakuti kamba wa kumtunda sali ngati nkhasi ya m'madzi. Anamcotsa m'khola louma lija nam'mangira mpanda pansi pa mtengo wa mango, pamene panali mthunzi, kadzuwa ka m'mawa, dothi lonyowa ndi mbale ya madzi yokwiriridwa pansi. Nsima anaileka, nayamba kumpatsa udzu, bonongwe ndi masamba a dzungu. Anamuikiranso fupa louma, cifukwa kamba amateketa mafupa kuti cigoba cake cilimbe.

Ena a inu owerenga muli ndi ana osunga akamba. Dziwani kuti kamba amafundula khungu pang'onopang'ono mwa cibadwa, ndipo zimenezo si matenda. Musasende khungulo ndi zala, lidzagwa lokha. Musadzoze mafuta pacigoba, pakuti amasonkhanitsa litsiro. Musaboole cigoba kuti mumangepo cingwe, cifukwa cigobaco ndi thupi lamoyo ndipo cimamva kuwawa. Mukaona maso otupa, mamina kapena cigoba cofewa, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Ana asambe m'manja ndi sopo akamgwira, pakuti akamba amanyamula tizilombo totsegula m'mimba.

Pofika Novembala khungu la kamba uja linasalala ndipo anayamba kuyendayenda m'mphepete mwa mpanda, kufunafuna potulukira. Apa mpamene panagona cobvuta. Aphunzitsi anauza mnyamatayo kuti lamulo la nyama za m'thengo la caka ca 2015 limaika nyama zonsezo m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndi kuti wofuna kusunga nyama yotere ayambe wafunsa a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Mnyamatayo sanadye bwino tsiku limenelo. Koma mvula yoyamba itagwa ndipo msipu utaphuka, anaika kamba wake m'dengu, napita naye kuthengo komwe anamtola, kutali ndi mseu. Anamtula pansi mosamala kuti asataye madzi ake, ndipo anaima pomwepo mpaka mawanga aja atasowa mu udzu.